Bodenstein ndi Timabotolo Tace ta Mpweya

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 akatswiri a kemisitiri anali ndi funso lowasautsa: mipweya iwiri ikasanganizidwa, imasanduka cinthu catsopano mwa liwiro lotani, ndipo cimene cimaifulumiza n'ciani? Kubvuta kwace kunali kwakuti mamolekyulu, ndiwo tinthu tating'onoting'ono timene tipanga mpweya, saoneka ndi maso. Munthu angathe kuyesa zolowa ndi zoturuka, koma zocitika pakati ayenera kuzilingalira cabe.

Max Bodenstein, wobadwira ku Magdeburg m'dziko la Germany m'caka ca 1871, anayamba kufufuza nkhaniyi ali wophunzira wa Victor Meyer pa yunivesite ya Heidelberg. Anasankha haidrojeni ndi nthunzi ya ayodini, zimene zikaphatikana zipanga mpweya wa hydrogen iodide. Ankatsekera mipweyayo m'timabotolo tagalasi, natiika m'nthunzi ya sulfure wowira kapena m'malo ena amene kutentha kwace sikusintha. Itakwana nthawi imene anaika, ankatiziziritsa msanga kuti kusandukako kulekere pomwepo, natiswa, nayesa zotsalamo. Kabotolo kali konse kankampatsa ciwerengero cimodzi cokha, kotero kuti nchitoyo inafuna cipiriro cacikuru. Anayesa pa kutentha kwa madigiri kuyambira 283 kufikira 508, nafalitsa zopeza zace pakati pa 1894 ndi 1899.

Lamulo limene anapeza linali lomveka: kuonjeza haidrojeni kuti acuruke kawiri, liwiro nalo licuruka kawiri, kutero ndi ayodini, cimodzimodzinso. Akatswiri anamasulira kuti molekyulu imodzi ya haidrojeni igundana ndi imodzi ya ayodini, ziwirizo zisinthana maatomu, nchito yathera pomwepo. Patapita zaka zowerengeka Bodenstein ndi S. C. Lind anayesa haidrojeni ndi bromini, napeza lamulo lobvuta zedi, limene pambuyo pace linadziwika kuti licokera ku maatomu oyenda okhaokha. Cifukwa cace nkhani ya ayodini inakondedwa koposa monga citsanzo cosabvuta, ndipo mabuku anaiphunzitsa motero zaka pafupifupi 70. Bodenstein anamwalira ku Berlin mu 1942 ciphunzitsoco cikali cokhazikika.

M'caka ca 1967 John H. Sullivan wa ku Los Alamos m'dziko la America anayesanso mwa njira yina. Molekyulu ya ayodini iri ndi maatomu awiri ogwirana, ndipo kutentha kumalekanitsa ena mwa iwo. Sullivan anawalekanitsa ndi kuwala, mpweyawo usanatenthe kwambiri, kuti adziwe kucuruka kwa maatomu omasukawo. Liwiro limene anapeza linagwirizana ndi limene linayesedwa kale pa kutentha. Apo zinaoneka kuti ogwira nchito yeniyeni ndiwo maatomu awiri omasuka a ayodini, amene akomana ndi molekyulu ya haidrojeni.

Nanga colakwaco cinabisala bwanji zaka zonsezo? Ayodini akacuruka kawiri, mwai wakuti maatomu awiri omasuka apezeke pamodzi ucurukanso kawiri. Motero njira zonse ziwiri zipereka lamulo limodzi, ndipo timabotolo ta Bodenstein sitikadatha kuzisiyanitsa. Ziwerengero zace zinatsala zoona. Cimene cinagwa ndico kumasulira kwace.

Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale sadzaphunzitsa za ayodini, koma adzabvundikira kandulo ndi botolo pamaso pa ana, lawi nkuzima. Cimene anawo aona ndi kuzima kwa lawi ndi nthawi imene latenga. Mau akuti mpweya wothandiza moto wacepa ndi kumasulira. Ayenera kuwazoloweza kulemba ziwirizi padera, ndi kuwafunsa ciyeso cina cimene cingatsimikize kumasulirako, monga kusintha ukuru wa botolo ndi kuwerenganso nthawi.