Ilala Yakalamba Koma Ikuyendabe

Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Mpaka lero imafikabe ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, chifukwa nthawi ndi nthawi imaima ku Monkey Bay amakaniko n'kuiona isanafe.

Bambo anga ankateronso ndi boti lawo la dizilo. M'mawa uliwonse ankayeza oilo, kukhetsa madzi m'fyuluta ya dizilo, n'kuona ngati madzi oziziritsa injini akutuluka. Ine ndinkati akutichedwetsa. Tsiku lina mwera utatipeza pakati, injini ya anzathu inazima, ife n'kuwakoka mpaka kugombe.

Nanga inu oilo munasintha liti? Tumizirani asodzi anzathu.