HEREFORD: DOOKO, MZINDA NDI NG'OMBE

Ambiri a inu amene muweta ng'ombe munamvapo dzina lakuti Hereford, kapena pa cionetsero ca zaulimi, kapena kwa abale amene anagwira nchito m'mafamu a ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Mukalimva muganiza za ng'ombe yofiira ya nkhope yoyera. Koma dzinali silinayambe ndi ng'ombe ai. Ndi dzina la mzinda wakale wa ku Mangalande, ndipo mzindawo unalitenga ku mtsinje.

Hereford uli m'mbali mwa mtsinje wa Wye, mamailosi 16 kucokera ku malire a dziko la Wales. M'dzinali muli mau awiri a Cingelezi cakale. Mau otsiriza, ford, ndiwo dooko, malo osaya pamene anthu ndi zoweta aoloka ndi miyendo. Mau oyamba, here, ndiwo khamu la nkhondo. Tsono Hereford ndiko kunena kuti "dooko la ankhondo."

Mau akuti here sanali a gulu liri lonse. Kunali mfumu ya ku Wessex dzina lace Ine (musaseke, sindikunena ine mlangizi wanu) imene inalowa ufumu m'caka ca 688. M'malamulo ace inalemba kuti anthu olanda akakhala osapitirira 7 ndiwo mbala cabe, kufikira 35 ndilo gulu la acifwamba, koma akaposa 35 ndiye here. Mafumu oweruza mirandu aona nzeru yace: cilango cinali kutsata kukula kwa gulu. Cotero dooko la pa Wye linali lakuti cikhamu ca anthu cikhoza kuolokapo, ndipo malo otere pa malire sakhala pa mtendere nthawi yaitali. M'caka ca 1055 mfumu ya ku Wales, Gruffydd ap Llywelyn, inathyola mzindawo ndi kutentha chalichi cace cacikuru. Anthu a ku Wales ali nalo dzina laolao la mzindawu, Henffordd, ndiko kuti "njira yakale." Mlatho wa miyala umene anamanga pa Wye m'caka ca 1490 ulipobe, ndipo anthu analeka kalekale kubvula nsapato pooloka, koma dzina la dooko silinacoke.

Nanga tilichule bwanji? Ophunzira sukulu ambiri aphonya, cifukwa aona zilembo zinai zoyambazo nayesa kuti ndi mau aja a Cingelezi otanthauza "pano," nanena kuti "Hiya-fodi." Eni ace anena "HE-ri-fad." Mau akwera pa He, ndipo kotsirizako angopitapo mopepuka. Ku America ambiri ameza pakati nanena "Ha-fad." Cenjeraninso ndi mzinda wina, Hertford, umene uli kufupi ndi London. Umenewo auchula "Haat-fad," ndipo tanthauzo lace ndi dooko la mbawala zamphongo. Kusiyana kwace polemba n'cilembo cimodzi cokha, koma mtunda wa pakati pao uposa mamailosi 100. Dooko la ng'ombe lenileni ndi Oxford, mzinda wochuka ndi sukulu ya ukacenjede. Ng'ombe zochuka zinacokera ku dooko la ankhondo.

Cigawo cozungulira mzindawu cichedwa Herefordshire. Dothi lace ndi lofiira ndi lolemera, ndipo kale linafuna ng'ombe zamphamvu zokoka khasu. Alimi anali kulimira ng'ombe zofula zaka zingapo, pambuyo pace nazinenepetsa ndi kuzigulitsa kwa opha nyama. M'zaka za m'ma 1700 mabanja ena, monga la Benjamin Tomkins, anayamba kusankha nkhunzi ndi zazikazi zonenepa msanga ndi msipu wokha. Poyamba maanga ace anali osiyanasiyana, zina zotuwa, zina za mathothomathotho kumaso. Kufiira ndi nkhope yoyera zinakhazikika pambuyo. Buku loyamba lolembamo makolo a ng'ombezi linasindikizidwa m'caka ca 1846, ndipo bungwe loyang'anira bukulo linayamba mu 1878. Henry Clay anatengera zina ku Kentucky mu 1817. Ku Texas kuli tauni yochedwa Hereford, imene inatenga dzina kwa ng'ombe, osati kwa mzinda wa pa Wye.

Apa mpamene dzinali likhudza thumba lanu. Nkhope yoyera ya Hereford ili ndi mphamvu pa kubala: nkhunzi ya Hereford ikakwera ng'ombe ya mtundu wina, thole kawirikawiri libadwa loyera kumaso. Cotero si ng'ombe iri yonse yoyera kumaso imene iri Hereford yeniyeni, ndipo wogulitsa akakuchulirani dzinali kuti akweze mtengo, mufunseni kalata ya makolo ace. Ngakhale ikhale yeniyeni, kumbukirani kuti kwao n'kozizira ndi kwa mvula yambiri. Kuno dzuwa liocha zikope zace zoyerazo, maso nadwala, ndipo nkhupakupa ziigwetsa msanga koposa ng'ombe zathu za linunda. Popanda dibi, mthunzi ndi msipu wokwanira m'cilimwe, ine sindingakulangizeni kuigula.

Ku South Africa anaona bvuto lomweli. Kuyambira caka ca 1937 katswiri Jan Bonsma, pa famu ya Boma ya Mara, anasakaniza ng'ombe za Afrikaner ndi za Hereford ndi Shorthorn kuti apeze mtundu wopirira kutentha. Mtunduwo anaucha Bonsmara, kulumikiza dzina la munthu ndi la malo. Dooko lija silimvekamo konse, koma magawo 3 mwa 16 a mwazi wace ndi a Hereford.