Mbiri ya Kabuleta, ndi Kumuyesa Tisanapereke Ndalama

Abale athu a kuno ku Mulanje, inu amene munabadwa misewu ili kale ndi phula, kapena simudziwa kuti mitu ya makolo athu ndiyo inali galimoto ya dziko lino. Pamene Henry Brown anabzala tiyi m'tsinde mwa phiri lathu m'chaka cha 1891, katundu yense anayenda pa mitu ya amtengatenga, ndimo Azungu anayenda pa machila. M'chaka cha 1908 njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero titi Nsanje, inafika ku Blantyre popyola pa Luchenza. Tsono kunafunika chonyamulira tiyi kuchokera ku minda kufikira ku sitesheni. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, magalimoto anayamba kuchuluka, ndipo ana a amtengatenga anaphunzira kuwayendetsa ndi kuwakonza.

Mwa zonse anaziphunzirazo munali kachipangizo kamodzi kakang'ono, kokwana m'manja awiri, dzina lache kabuleta. Ntchito yache ndi iyi. Petulo sayaka popanda mpweya, ndimo ayenera kusanganizidwa pa muyeso wache, monga mai ayesa ufa ndi madzi pophika nsima. Muyesowo, pa kulemera kwache, ndi magawo ngati 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Injini ikamakoka mpweya, mpweyawo upyola pa khosi lopanikiza nuthamanga, monga Likhubula athamanga pakati pa miyala. Pothamangapo ukoka petulo pa kabowo kakang'ono, kamene amakaniko akatcha jeti. Pambali pali kambiya kosungira petulo, ndi m'katimo muli choyandama, ndicho fuloti, chimene chitseka njira kambiyako kakadzala. Nzeru imeneyi anaikonza bwino Wilhelm Maybach wa ku Germany m'chaka cha 1893.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti opanga galimoto kawiri-kawiri sanali kupanga okha kabuleta, koma anagula kwa amisiri ena. Chifukwa chache galimoto iliyonse inali ndi kabuleta wa mtundu wache ndi wa nyengo yache. Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 kufikira 1927, nipitirira 15 miliyoni kuchuluka kwache, inali ndi kabuleta wa Holley kapena wa Kingston. Land Rover, imene inabadwa m'chaka cha 1948 nitumikira zaka zambiri m'minda ya tiyi ndi m'maboma, inayamba ndi wa Solex, ndimo m'chaka cha 1967 anaisinthira kwa Zenith. Morris Minor inali ndi wa SU. Volkswagen ija ya msana wonga wa kamba inali ndi wa Solex, chimodzi-modzinso Peugeot 404. Pofika magalimoto a ku Japan, Toyota inadza ndi wa Aisan, ndi Datsun inadza ndi wa Hitachi. Maina awa sitiwatchula kuti tilemetse nao mitu yanu ai, koma kuti ndiwo mfunda wa kabuleta. Wodziwa mfunda sasokera pa chibale.

Cha m'ma 1990 opanga magalimoto anamsiya kabuleta, nayamba njira yina yakupopera petulo mwa mphamvu ya magetsi. Tsono akabuleta enieni akale anayamba kusowa, ndi mtengo wao unakwera. Ndipo pamene chinthu chisowa, pomwepo pabuka ochifanizira. Lero alipo akabuleta atsopano opangidwa mofanizira akale, ena osaipa kweni-kweni, ena achabe. Aliponso akale otheratu, amene wogulitsa awatsuka nawapukuta kuti anyezimire. Nkhani iyi isakhale ya eni magalimoto okha, pakuti njinga zamoto zambiri za anyamata athu a kabaza, ndi makina a petulo opopera madzi ku dimba, zikali kuyenda ndi kabuleta.

Ife tinaona ndi maso athu mbale wina amene anasunga ndalama za tiyi dzinja lonse, kuti adzutse Land Rover ya malemu atate wache, yonyamulira nanazi ndi odwala. Anapita ku tauni nagula kabuleta wonyezimira, osafunsa, osayesa. Injini inalira masiku atatu, nitulutsa utsi wakuda, nimeza petulo ngati mchenga umeza madzi; atabwerera, wogulitsa anakana kuti samdziwa. Akulu anati, chikome-kome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chifukwa chache tilemba pano mayesero amene munthu aliyense akhoza kuchita.

Choyamba, dziwani dzina la galimoto yanu ndi chaka chache, ndimo potuluka pakhomo tengani kabuleta wakale, ngakhale wakufa, kukamuika pambali pa watsopanoyo. Mabowo a mabauti, ndi timikono tokokera, ziyenera kulingana.

Chachiwiri, werengani zolembedwa. Dzina la mmisiri liumbidwa pamodzi ndi thupi la kabuleta, ndi zilembo zache zioneka zakuthwa. Pa wofanizira dzinalo lisowa, kapena lioneka lofufutika, kapena liri pa kapepala komata. Manambala ali ndi tanthauzo: pa Solex ndi Zenith nambala yoyamba inena kukula kwa khomo lache pa mamilimita, monga Solex 32 PBI wa Land Rover zoyamba, ndi Zenith 36 IV wa zapambuyo. Wa SU akhala ndi kachitsulo kopyapyala ka nambala, komangidwa pa chivundikiro cha kambiya kaja. Koma chenjerani, pakuti kachitsuloko munthu akhoza kukachotsa pa wina ndi kukamanga pa wina. Mboni imodzi sikwanira pa mlandu. Masulani jeti, muone ngati nambala yodindidwa pamenepo ivomerezana ndi zinazo.

Chachitatu, yesani ukalamba wache, pakuti kabuleta akhoza kukhala weniweni koma wotha. Gwirani kamtanda kamene katsegula ndi kutseka njira ya mpweya, mukagwedeze. Kakagwedera m'mabowo mwache, mpweya wakuba udzalowa pamenepo, ndi injini sidzakhazikika. Tulutsani fuloti, mumgwedeze pa khutu. Mukamva madzi m'kati, ngwobooka. Ikani tako la kabuleta pa galasi losalala. Likatekeseka, lapindika, ndipo silidzagwirana ndi injini. Yang'ananinso ming'alu, maka-maka pa amene anapangidwa ndi chitsulo chotuwa chija, chimene chifumbutuka pokalamba, ndi malo amene wina anamata ndi kupakapo utoto.

Chachinai, kumbukirani kuti petulo wa lero si wa masiku a Ford. Kuyambira chaka cha 1982 dziko lathu lisanganiza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa. Ndimo ethanol adya mphira wakale. Tsono ngakhale mwapeza kabuleta weniweni, sinthani timphira tache ndi mapaipi ache musanayambe ulendo.

Chotsiriza, musapereke ndalama zonse injini isanalire. Panganani pamaso pa mboni kuti chinthucho chikakanika chidzabwezedwa, ndipo wogulitsa alembe kalata ya malonda. Wakukana kuti muyese katundu wache wadziulula yekha. Safunsa anadya phula.

Tiri ndi mau awiri otsalira. Kwa inu amene muli ndi galimoto yakale yogona kuseri kwa nyumba, nkhuku ziri kuikira mazira m'katimo: musafulumire kugulitsa kabuleta wache kwa ogula zitsulo pa sikelo, pakuti alipo anthu ofuna zakale amene adziwa mtengo wache, ndi wakale weniweni akonzeka kawiri ndi katatu. Ndi kwa inu ogulitsa: kugulitsa wofanizira si kulakwa, mukanena poyera kuti ngwofanizira, kulakwa ndiko kumutcha dzina losakhala lache. Iye amene mumnyenga lero pa msika wa Chitakale kapena wa Limbuli, ndiye amene adzanyamula mwana wanu usiku kunka naye ku chipatala, pa galimoto yomweyo.