Mankhwala a Chifuwa Amene Anavinitsa Odwala

Mu 1952, pachipatala cha Sea View ku Staten Island, mumzinda wa New York, panachitika zodabwitsa. Chipatalachi chinali cha odwala chifuwa chachikulu, ndipo ambiri ankagonekedwa kumeneko chiyembekezo chitawathera. Madokotala awiri, Irving Selikoff ndi Edward Robitzek, ankayesa mankhwala atsopano, ena mwa iwo otchedwa iproniazid. Pasanapite nthawi, odwala amene ankangoyang'ana kudenga tsiku lonse anayamba kupempha chakudya, kucheza ndi kuseka. Nyuzipepala zinatulutsa zithunzi za ena akuvina m'makonde a chipatala.

Akatswiri ena anaona kuti chimwemwecho sichinabwere chifukwa cha kuchira kwa mapapo kokha. Mu 1957, Nathan Kline anapereka iproniazid kwa odwala matenda ovutika maganizo, ndipo ambiri anapeza bwino. Chaka chomwecho, Roland Kuhn wa ku Switzerland analengeza za mankhwala ena a matendawa otchedwa imipramine. Iproniazid anadzasiyidwa chifukwa ankawononga chiwindi, koma mankhwala oyamba a matendawa anali atapezeka, ndipo gwero la ena mwa iwo linali wodi ya odwala chifuwa.

Kuzindikira matendawo ndiye kunatsala kovuta. Munthu wogonekedwa ndi khansa, shuga kapena sitiroko amakhala wofooka kale. Sagona bwino, chakudya sichimukoma, thupi limatha. Zizindikiro zomwezi ndi zimenenso zimaoneka mwa munthu wovutika maganizo. Nanga dokotala angasiyanitse bwanji? Ambiri ankangoti, ndani angasangalale ali pabedi lachipatala, n'kupitirira kwa wodwala wina.

Ku Leeds, ku England, madokotala a zamaganizo Anthony Zigmond ndi Philip Snaith anaupezera njira mu 1983. Anakonza mafunso 14, asanu ndi awiri okhudza nkhawa ndi asanu ndi awiri okhudza kukhumudwa, oti wodwala ayankhe yekha m'mphindi zochepa. Mwadala anasiya kufunsa za tulo, njala kapena kupweteka kwa mutu. Anafuna kudziwa ngati munthuyo akusangalalabe ndi zimene ankazikonda, ngati akuthabe kuseka, ngati akuyembekezerabe zabwino. Mafunsowa, odziwika ndi dzina loti HADS, anamasuliridwa m'zilankhulo zambiri.

Umboni woti nkhaniyi ikukhudza moyo ndi imfa unachokera ku Montreal mu 1993. Nancy Frasure-Smith ndi anzake anatsatira odwala 222 amene anagonekedwa mtima utawagwira mwadzidzidzi. M'miyezi isanu ndi umodzi, imfa zinachuluka kwambiri pakati pa amene anali ovutika maganizo kuposa pakati pa anzawo.

Lero thandizo lilipo: uphungu wokambirana ndi wodwala, komanso mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline, operekedwa mosamala kuti asasemphane ndi mankhwala ena amene munthuyo akumwa.

M'mawodi a kuno kwathu, amene amaona msanga ndi gadiyani, uja amagona pansi pambali pa bedi. Ndiye amadziwa kuti phala labwerera losakhudzidwa kwa masiku atatu, kuti mayi atembenukira kukhoma, kuti sakufunsanso za adzukulu. Kawirikawiri amangoti akuganiza kwambiri. Gadiyani akaona zotere auze namwino kapena dokotala pa nthawi yoyendera odwala, ndipo iwo amumvere n'kumuyeza wodwalayo monga amachitira ndi malungo kapena kuthamanga kwa magazi.