Linga ndi Chipata Chake: Mbiri ya Galimoto Zogunda Makamu a Anthu

Chiyambire kalekale anthu akhala akusonkhana pamodzi pa msika, pa chikondwerero, pa maliro, ndi pa tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lawo. Khamu la anthu ndi chinthu chokondweretsa, koma ndi chinthu chosavuta kuchipweteka, pakuti anthu othithikana sangathe kuthawa msanga, ndiponso maso awo onse amakhala ataloza kumodzi. M'nkhani ino tifuna kulongosola mbiri ya choopsa china chimene chakula m'zaka zathu zino, ndicho chakuti munthu atenga galimoto, imene inapangidwa kuti izinyamula anthu ndi katundu, naisandutsa chida chophera anzake. Tidzaona kumene mchitidwe umenewu unachokera, umo maboma anayesera kuuletsa, ndi chifukwa chake nthawi zina analephera angakhale linga anali atamanga kale.

Chiyambi chake

Ambiri amayesa kuti zimenezi zinayamba m'chaka cha 2016, koma si tero ayi. Pa 10 Julaye 1973, mumzinda wa Prague, m'dziko limene masiku amenewo linkatchedwa Czechoslovakia, mtsikana wina wa zaka 22 analunjikitsa lole pa anthu amene anali kudikira sitima yoyenda m'misewu ya mumzindawo, napha anthu 8. Iyeyu anali atatumiza kale makalata ku nyuzipepala, m'mene ananena kuti anali kubwezera anthu onse chifukwa cha nkhanza zimene ankati anamuchitira. Bwalo la milandu linagamula kuti aphedwe, ndipo anamunyonga m'chaka cha 1975.

Pa 30 Epulo 2009 chinthu chonga chomwechi chinaoneka ku Apeldoorn, m'dziko la Netherlands. Linali tsiku la chikondwerero cha Mfumukazi, ndipo Mfumukazi Beatrix ndi a banja lake anali kuyenda pa basi yopanda denga pakati pa anthu. Mwamuna wina anabwera ndi galimoto yaing'ono ali pa liwiro, napyola timipanda timene apolisi anaika, nagunda anthu oonerera, kufikira anakaomba chipilala chamwala. Anthu 7 anamwalira, ndipo iye mwini anatsirizika m'chipatala. Timipanda tija tinali tokwanira kuuza munthu woyenda pansi poyenera kuima, koma kwa galimoto tinali ngati mpanda wa mapesi. Komabe maiko ambiri anaona nkhaniyi ngati tsoka la tsiku limodzi lokha, ndipo sanasinthe kakonzedwe ka misonkhano yawo.

Usiku wa ku Nice

Tsiku limene linatsegula maso a anthu ndilo la 14 Julaye 2016. Chaka ndi chaka pa tsiku limeneli anthu a ku France amachita chikondwerero cha dziko lawo. Mumzinda wa Nice, umene uli m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, anthu pafupifupi 30,000 anasonkhana pa msewu waukulu wa m'mphepete mwa nyanja wotchedwa Promenade des Anglais kudzaonerera makombola okongoletsa kumwamba. Makombola atatha, nthawi itangopitirira hafu koloko ya 10 usiku, anthu ali kubalalika ndi ana awo, panatulukira lole yoyera yolemera matani 19, imene mwamuna wina wobadwira ku Tunisia, wokhala mumzinda momwemo, anaibwereka masiku owerengeka m'mbuyomo.

Msewuwo unali wotsekedwa ndithu, pakuti apolisi anali ataimika galimoto zawo pakati pake pamodzi ndi timipanda tachitsulo. Koma woyendetsa lole uja anakwera kanjira ka anthu oyenda pansi, nalambalala chotchingacho. Anayenda mtunda wa pafupifupi makilomita 2 akupsinja anthu, kufikira apolisi anamuwombera nafera m'lole momwemo. Anthu 86 anatayika, ndipo mwa iwo munali ana oposa 10. Ovulala anapitirira 400. Makamera a mumzindawo anaonetsa pambuyo pake kuti munthuyo anali atadutsa pa msewu womwewo kangapo masiku apitawo, akuzonda malo. M'chaka cha 2022 bwalo la milandu la ku Paris linapeza anthu 8 olakwa pa milandu yokhudzana ndi chiwembuchi.

Awerengi angafunse kuti, nanga lole imodzi ingaphe bwanji anthu ochuluka chotere? Yankho lili m'masamu amene mwana wa sukulu angathe kuwerengera. Matani 19 ndiwo kulemera kwa matumba a chimanga 380, lililonse la makilogalamu 50. Ndiponso mphamvu ya chinthu chothamanga imakula moposa liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogundira imawirikiza kanayi. Tsono chimene chimapha ndicho kulemera pamodzi ndi liwiro, ndipo liwirolo galimoto imalipeza pamene ili ndi msewu wautali wowongoka patsogolo pake.

Mliri ufalikira

Magulu a zigawenga monga al-Qaeda ndi Islamic State anali atayamba kale kulimbikitsa owatsatira kuti azigwiritsa ntchito galimoto, pakuti galimoto sifuna luso la kupanga bomba, ndipo munthu woyendetsa lole mumzinda palibe amamudabwa. Zitachitika za ku Nice, ena anatsanzira. Pa 19 Disembala 2016 munthu wina anapha dalaivala wa ku Poland, nalanda lole yake, nailowetsa mu msika wa Khirisimasi pa bwalo la Breitscheidplatz ku Berlin. Anthu 12 anafa, ndipo wina anadzamwalira ndi mabala ake m'chaka cha 2021. Chaka cha 2017 ndicho chinanyanya. Ku London, pa 22 Malichi, galimoto inapha anthu 4 pa mlatho wa Westminster, ndipo woyendetsayo anabayanso wapolisi ndi mpeni. Ku Stockholm pa 7 Epulo kunafa anthu 5. Pa 3 Juni ku London komweko, achiwembu atatu anagunda anthu pa London Bridge nayamba kubaya ena, ndipo onse akufa anali 8. Ku Barcelona, pa 17 Ogasiti, galimoto inathamanga pa msewu wa La Rambla nipha anthu 14. Ku New York pa 31 Okutobala kunafa anthu 8.

Pano tiyenera kuchenjera kuti tisanene kuti choipa ichi ndi cha mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi. Mwa anthu amene anafa ku Nice munali Asilamu ambiri ndithu. Pa 19 Juni 2017 mwamuna wina wodana ndi Asilamu anagunda anthu ochokera kopemphera ku Finsbury Park mu London, napha mmodzi. Ku Zhuhai m'dziko la China, pa 11 Novembala 2024, mwamuna wa zaka 62 anapha anthu 35 amene anali kulimbitsa thupi pa bwalo la masewera, ndipo bwalo la milandu linapeza kuti anachita izi pokwiya ndi kagawidwe ka chuma ukwati wake utatha. Mitima ya anthu awa inali yosiyanasiyana. Chimene chinali chofanana ndi khamu lothithikana ndi msewu wotseguka. Popeza palibe boma lingathe kuona za mumtima mwa munthu aliyense wokhala ndi kiyi wa galimoto, maboma anatembenukira ku msewu.

Kumanga linga

Makolo athu pa nthawi ya nkhondo ankamanga malinga kuzungulira midzi yawo, ndipo mizinda ya ku Ulaya inachita chimodzimodzi ndi simenti ndi chitsulo. Ku Britain kunali kale muyeso wotchedwa PAS 68, umene unatuluka m'chaka cha 2005. Malinga ndi muyeso umenewu, chotchinga sachikhulupirira chifukwa cha maonekedwe ake. Amachiyesa poombetsapo galimoto yeniyeni, monga lole ya matani 7.5 yothamanga makilomita 48, 64 kapena 80 pa ola, naona ngati chiimitsa loleyo ndi kuti yapitirira mtunda wotani. Mizati yachitsulo amaizika mwakuti mpata wa pakati pake usapitirire mita imodzi ndi masentimita 20, kuti mayi wokankha kangolo ka mwana kapena munthu wa pa njinga ya olumala adutse, koma galimoto ilephere. Ena amabisa linga kuti lisaopse anthu: pa bwalo la mpira la Emirates ku London pali zilembo zikuluzikulu za simenti zolemba dzina la timu ya Arsenal, zimene alendo amajambulitsapo zithunzi, chikhalirecho ndi chotchinga galimoto. Kwina amakhotetsa msewu dala kuti galimoto isapeze liwiro.

Thandizo lina linachokera m'galimoto momwemo. Lamulo la European Union linati kuyambira Novembala 2015 malole akuluakulu atsopano azikhala ndi mabuleki odzigwira okha akazindikira kuti agunda chinthu. Lole ya ku Berlin ija inali nawo mabuleki otere, ndipo ofufuza anapeza kuti ndiwo anaiimitsa isanayende mamita 100. Tikayerekeza mtunda umenewu ndi makilomita 2 a ku Nice, tiona miyoyo imene lamulo limodzi lokha linapulumutsa.

Koma kawirikawiri linga linkamangidwa maliro atachitika kale. Pakati pa chiwembu cha pa mlatho wa Westminster ndi cha pa London Bridge panapita masabata 10, ndipo pa nthawi yonseyo London Bridge inakhala yopanda chotchinga. Chiwembu chachiwiri chitachitika, zotchinga zinaikidwa pa milatho ingapo m'masiku owerengeka chabe. Woweruza amene anafufuza za imfazo m'chaka cha 2019 anadzudzula kuchedwa kumeneku. Akuluakulu anati, nkhanga zinapangana kusanapse.

Chipata

Zaka zaposachedwapa zatiphunzitsa chinthu china chovuta koposa. Linga lililonse liyenera kukhala ndi chipata, pakuti m'khamu la anthu wina angakomoke, moto ungabuke, ndipo ambulansi iyenera kulowa. Ku Magdeburg m'dziko la Germany, msika wa Khirisimasi unali wozingidwa ndi zigumula za simenti, koma pa 20 Disembala 2024 galimoto inalowera pa mpata umene unasiyidwa kuti pazidzera galimoto za chithandizo. Anthu 6 anafa, ndipo oposa 200 anavulala.

Patangopita masiku 12, m'bandakucha wa pa 1 Januwale 2025, anthu 14 anaphedwa pa msewu wa Bourbon Street ku New Orleans m'dziko la America. Mzindawu unali utaika mizati yachitsulo m'chaka cha 2017 pophunzira za ku Nice, koma mizatiyo inkavuta kutseka, mwa zina chifukwa cha mikanda ya pa chikondwerero cha Mardi Gras imene inkatsekereza njanji zake, ndipo usiku umenewo inali itazulidwa kuti aikepo ina. M'malo mwake panaima galimoto ya apolisi, ndipo wachiwembuyo anailambalala pokwera kanjira ka oyenda pansi, monga momwe zinachitikira ku Nice zaka 8 m'mbuyomo. Ku Liverpool, pa 26 Meyi 2025, anthu ali kukondwerera chikho cha timu yawo ya mpira, chotchinga chinatsegulidwa kuti padutse ambulansi, ndipo galimoto ina inatsatira pambuyo pake nivulaza anthu oposa 100, angakhale panalibe wakufa.

Pa malo atatu onsewa panali chotchinga, ndipo pa malo atatu onsewa galimoto inalowera pa mpata. Simenti ndi chitsulo zigulidwa kamodzi, koma kulonda chipata ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, yofuna munthu wodziwa kuti udindowo ndi wake. N'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo mu Epulo 2025, potsatira bomba limene linapha anthu 22 ku Manchester m'chaka cha 2017, lakuti eni malo osonkhanapo anthu 200 kapena kuposerapo azikhala ndi dongosolo la chimene adzachite pakagwa chiwembu, ndipo a malo a anthu 800 kapena kuposerapo azichitanso zina zochepetsa ngoziyo isanagwe.

Zimene mbiri iyi itiphunzitsa

Palibe mzinda ungathe kuzika mizati m'misewu yake yonse, ndiponso anthu amene aleka kusonkhana chifukwa cha mantha apatsa wachiwembu chimene iye anafuna. Msika wa pa Breitscheidplatz unatsegulidwanso patangopita masiku atatu, ndipo anachita bwino. Chofunika ndicho kuti wokonza msonkhano adzifunse mafunso asanaitane anthu. Kodi galimoto ingafike kwa anthuwa kudzera kuti, ndipo ingapezere kuti liwiro? Kodi chotchinga chathu chingaimitse lole, kapena chingoimitsa dalaivala womvera lamulo? Kodi m'mbali mwake mulibe mpata? Nanga chipata cha ambulansi achilonda ndani, ndipo adzachitseka ndani ambulansi ikadutsa? Anthu akayamba kuthawa, adzathawira kuti osapondana?

Mafunso amenewa safuna chuma chambiri, ndipo ndi othandiza ngakhale kumene kulibe zigawenga, pakuti lole yoduka mabuleki kapena dalaivala woledzera amapha anthu a pa msika wa m'mbali mwa msewu mofanana ndi wachiwembu. Mfumu yokonza mwambo, mkulu wa mpingo wotsogolera ulendo wa mapemphero, ndi mphunzitsi wondandalika ana pa msewu, onsewa angathe kusankha malo otalikirana ndi msewu waukulu, napempha apolisi kuti apatutse galimoto, naika munthu wokhulupirika pa chipata kufikira womaliza atachoka. Anthu a ku New Orleans anamva za ku Nice, namanga linga, koma analola kuti likhale lotseguka usiku umene khamu linali lalikulu. Ife amene tamva za onsewa tisadikire kuti tiphunzire ndi maliro athu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.