Khadi, Baibulo ndi mphepo ya ku Dzaleka

Ndakwanitsa zaka 36, ndipo ndadzigwira ndekha ndikutseka wailesi nthawi ya nkhani ikakwana. Kale sindinali chonchi. Ndinkakangana mpaka tambala woyamba za nduna yakuti, za nkhondo yakuti. Lero wina akayambitsa zandale m'minibasi, ine maso pazenera. Wondifunsa ndimamuyankha mwauzimu ndithu, kuti zapansi pano n'zakutha. Tsiku lina mawu okomawa ndinawalankhula pamaso pa azakhali anga a ku Ntchisi, mayi wa zaka zoposa 70, wa Mboni za Yehova. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe," anatero, "kutopa ndi kukhulupirira n'zosiyana." Iwo anakhalako ku Dzaleka, nthawi imene kunali ndende.

Achinyamata akamva Dzaleka amaganiza za othawa kwawo, chapati ndi msika wa Lachiwiri. Koma malowa, amene ali m'boma la Dowa, makilomita 40 ndi kanthu kuchokera mu Lilongwe, dzina lake likunena lokha mbiri yake: ndidzaleka, sindidzachitanso. Pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964 ndi kuukira kwa a Henry Masauko Chipembere mu February 1965, boma la Dr Kamuzu Banda linkatsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndipo ambiri ankawatumiza kumeneko. Oyambawo anali anthu andale, kapena ongoganiziridwa. Amene anadzadzaza malowa patapita zaka khumi anali anthu okana ndale.

Nkhani yake inali khadi. Khadi la chipani cha Kongeresi mtengo wake unali wochepa, koma wopanda khadi sankalowa mumsika, sankakwera basi mwamtendere. Ayufi a malaya ofiira amakhala ali pachipata. A Mboni anakana. Msonkho ankapereka, malamulo ankamvera, koma khadi la chipani anati n'kulowa ndale, pamene iwo boma lawo anasankha kale, Ufumu wa Mulungu. Mu October 1967 boma linaletsa mpingowo. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba zinapsa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anafa. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia. Atabwezedwa anaolokera ku Mlangeni, mbali ya Mozambique. Mu 1975 Frelimo italandira dzikolo, nayonso inafuna kuti aliyense azikweza chibakera n'kufuula nawo. Anakananso, anabwezedwanso. Pamenepo ndiye zikwi zingapo, amuna, akazi ndi makanda kumsana, anatengeredwa ku Dzaleka.

Azakhali sakonda kufotokoza. Akati alankhule, amatchula tinthu ting'onoting'ono: nyemba zofumbwa, nsabwe m'mipendero ya chovala, ntchito yakalavula gaga, ndi mphepo ya mu June yolowa mpaka m'mafupa. Amati mavesi ankasunga pamtima n'kumanong'onezana usiku, wina chiyambi, wina mapeto. Chimene chimandiimitsa mutu n'chakuti chitseko sichinali chovuta kutsegula. Ankauzidwa kuti angogula khadi, basi, akaone ana kumudzi. Mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri anayang'ana kapepalako nakana. Ine amene ndimati zadziko ndazisiya, sindinatayepo ngakhale mgonero umodzi chifukwa cha kuzisiyako.

Musandimve molakwa, awerengi. Ine si wa Mboni, ndipo zambiri sitigwirizana. Mipingo ikuluikulu, umene ndimapempherako uli pomwepo, inakhala duu zaka zonsezo. Imeneyo ndi nyansi yathu. Koma pamene maepisikopi a Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992, chikhulupiriro chomwecho chinalowa m'bwalo la ndale masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo dziko linagwedezeka. Pa 14 June 1993 Amalawi anafola mizere kukasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Nyali inapambana, ndipo pa 12 August chaka chomwecho chiletso cha a Mboni chinachotsedwa. Pamizere imeneyo azakhali panalibe. Savota, sanavotepo. Anamasulidwa ndi mavoti a anthu ena, ena mwa iwo mwina omwe aja ankawafunsa khadi. Ndinawauzapo zimenezi. Anaseka nati wowamasula amamudziwa. Sindinakhutire, koma ndinasowa poyambira kutsutsana ndi munthu amene analipira yekha mtengo wa mawu ake.

Mu 1994, chaka chimene Kongeresi inagwa pachisankho, ndende ija inasanduka msasa wa othawa nkhondo, woyendetsedwa ndi boma pamodzi ndi UNHCR. Anafika a ku Rwanda ndi Burundi, kenaka a ku Congo, Somalia ndi Ethiopia. Malo okonzera anthu 10,000 kapena 12,000 anafika posunga oposa 50,000. Malamulo athu amati othawa azikhala mumsasa; mu May 2023 apolisi ndi asilikali anasesa amene ankakhala ndi kuchita malonda m'mizinda, ena kuwadutsitsa kundende ya Maula, n'kuwabwezera ku Dzaleka. Alipo anthu anabadwira pamenepo, lero ali ndi ana awo, sanaonepo dziko limene zikalata zimati ndi kwawo.

Poyamba ndinapitako ngati mlakatuli, kukaona chikondwerero cha Tumaini chimene mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa mu 2014. Ulendo wachiwiri unali Lamulungu wamba mu 2025. Matchalitchi ali paliponse, a malata, a zidina, nyimbo za Chiswahili ndi Chinyarwanda zikupikisana ndi mphepo. Panja pa tchalitchi china panakhala mkulu wina wa imvi, Baibulo pabondo, kawailesi kukhutu. Anali wa ku Goma, mzinda umene zigawenga za M23 zinalanda mu January chaka chomwecho. Ndinamufunsa ngati pamsinkhu wakewo sanatope nazo nkhani. Anandiuza m'Chichewa chake chopindika kuti mlongo wake ali komweko, ndiponso kuti akuluakulu akunja akadula thandizo la WFP, iye amadziwira m'mbale. Nyimbo itayamba mkati anatsitsa mawu a wailesi, koma sanaitseke. Analowa nayo m'thumba la jekete.

Nditafika ku Ntchisi ndinawafotokozera azakhali zonsezi: msika, matchalitchi, ana osawerengeka, mkulu wa kawailesi. Ndinati tsiku lina ndidzawatenge akaone mmene pasinthira. Anapukusa mutu, manja ali pa chimanga chimene ankatonola.

"Mphepo ija ikadalipo?"

"Ikadalipo, azakhali."

"Nanga mabulangete amawapatsa angati?"