Mbiri ya Momwe Sukulu Zinayambira Kuzindikira Ana a Dyslexia

Dyslexia ndi vuto la kuphunzira kuwerenga ndi kulemba mawu molondola ndiponso mosadodoma, lomwe limapezeka mwa mwana woona bwino, womva bwino, amene akuphunzitsidwa mofanana ndi anzake. Mwana wotere amavutika kugwirizanitsa lembo ndi liwu lake, amawerenga mojejema, ndipo mawu amene wawaloweza lero mawa amakhala atamuthawa. Vutoli silikanaonekera m'nthawi imene kuwerenga inali ntchito ya anthu owerengeka. Linatulukira poyera maiko a ku Europe atayamba kutumiza ana onse kusukulu. Ku England lamulo la maphunziro a pulaimale linabwera mu 1870, ndipo mu 1880 sukulu inakhala yokakamiza. Aphunzitsi anayamba kukumana ndi ana ochenjera pa zonse koma ogonja pa buku, ndipo posowa dzina la vutolo ankangowatcha aulesi kapena opanda nzeru.

Oyamba kulemba za vuto la kuwerenga sanali aphunzitsi koma madokotala, ndipo ankaona akuluakulu amene anali atavulala ubongo. Mu 1877 Adolph Kussmaul wa ku Germany anafotokoza za odwala amene ankaona bwino, kulankhula bwino, koma atataya luso lowerenga, ndipo anatcha vutoli khungu la mawu. Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Stuttgart, ndiye anayambitsa dzina loti dyslexia, lomwe lili pa buku lake la mu 1887. Ku Paris, Joseph Jules Dejerine anapima maubongo a odwala otere atamwalira napeza kuti mbali yovulala inali ya kumanzere.

Nkhani ya ana inayamba mu 1896, pamene W. Pringle Morgan, dokotala wa m'tauni ya Seaford ku Sussex, analemba mu British Medical Journal za mnyamata wa zaka 14. Mnyamatayo anali wochangamuka, wodziwa masewera, wokhoza masamu, ndipo manambala ankawawerenga popanda chovuta. Koma atakhala pasukulu zaka zambiri ankalepherabe mawu aafupi, ndipo polemba dzina lake lomwe ankasinthanitsa malembo. Mphunzitsi wake anauza dokotalayo kuti maphunziro akanakhala a pakamwa pokha, mnyamatayo akanaposa onse pasukulupo. Poona kuti mwanayo sanadwalepo kapena kuvulala mutu, Morgan anagamula kuti vutolo linali lobadwa nalo. Lipoti lake lalifupili linasiya chithunzi chomwe chinalamulira nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 100, chakuti mwana wa dyslexia ndi mwana wanzeru amene kulephera kwake kukudabwitsa anthu. Chithunzichi chinapulumutsa ana ena ku chitonzo, komanso chinatsekera kunja ana ambiri amene kulephera kwawo sikunadabwitse aliyense.

James Hinshelwood, dokotala wa maso wa ku Glasgow, anatsata nkhaniyi kwa zaka zoposa 20 ndipo anaimanga m'buku la mu 1917. Anaona kuti vutoli limayenda m'mabanja, ndipo ankakhulupirira kuti gwero lake ndi mbali ya ubongo yosunga maonekedwe a mawu. Pa gwero analakwitsa, koma malangizo ake kwa aphunzitsi anali anzeru. Anati mwanayo aziphunzitsidwa payekha, maphunziro aafupi koma obwerezabwereza, ndipo asamawerengetsedwe mokweza pamaso pa anzake kuti asekedwe.

Ku America ntchitoyi inatengedwa ndi Samuel T. Orton, dokotala wa ubongo wa ku Iowa. Mu 1925 anapita ndi gulu lake ku Greene County kukapima ana amene aphunzitsi ankati ndi otsalira, ndipo anapeza kuti ambiri mwa olephera kuwerengawo anali ndi nzeru zokwanira. Chinamukopa kwambiri ndi kutembenuza malembo, monga kusokoneza b ndi d. Anaganiza kuti mbali ziwiri za ubongo zimalimbana, popanda imodzi yolamulira. Ganizoli linakanidwa pambuyo pake, ngakhale kuti mpaka lero anthu ambiri amakhulupirira kuti dyslexia ndi kuona malembo chagada. Kunena zoona, ana ambiri ongoyamba kulemba amatembenuza malembo, ndipo chizindikirochi pachokha sichitsimikiza kanthu.

Chimene chinakhalitsa ndi njira yophunzitsira. Anna Gillingham, amene anagwira ntchito ndi Orton ku New York, pamodzi ndi mphunzitsi mnzake Bessie Stillman, anatulutsa buku la aphunzitsi cha pakati pa zaka za m'ma 1930. M'njira yawo mwana amaona lembo, amamva liwu lake, amalitchula, nalilemba ndi dzanja nthawi yomweyo, ndipo sapita pa lembo lina asanagwiritse loyamba. Ku Los Angeles, Grace Fernald ankaphunzitsa ana kutsata mawu ndi chala uku akuwatchula. Ku Copenhagen, Edith Norrie, yemwe anali ndi vutoli iye mwini, anatsegula malo ophunzitsira ana otere mu 1939. Iye anapanga kabokosi ka malembo osanjidwa motengera pamene liwu lililonse limatulukira m'kamwa, ndipo munali kagalasi koti mwana aziona milomo ndi lilime lake. Orton atamwalira mu 1948, anzake anayambitsa bungwe la Orton Society mu 1949, lomwe lero ndi International Dyslexia Association.

Thandizo lonseli linali kunja kwa sukulu wamba. Ku London, malo otchedwa Word Blind Centre anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi ndalama za bungwe lachifundo, ndipo atatsekedwa mu 1972 ntchito inagwera makolo ndi mabungwe monga British Dyslexia Association, lomwe linayamba chaka chomwecho. Popeza kupimitsa mwana kunkafuna ndalama, ana opezeka ndi dyslexia ambiri anali a m'mabanja opeza bwino. Akuluakulu a maphunziro anatengerapo mwayi nanena kuti dzinali ndi chophimba cha makolo olemera osafuna kuvomera kuti mwana wawo ndi wofooka. Lipoti la Tizard la mu 1972 linakayikira dzinali. Mary Warnock, amene anatsogolera lipoti la mu 1978 la ana ofunika thandizo lapadera, anaulula patapita zaka kuti akuluakulu a boma anamuuza kuti asaike dyslexia m'gulu la mavuto ovomerezeka. Boma la Britain linavomereza vutoli poyera mu 1987, ndipo malamulo a mu 1994 anati sukulu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi woyang'anira ana ofunika thandizo lapadera.

Ku America lamulo la mu 1975 linapatsa mwana aliyense waulumali ufulu wa maphunziro aulere omuyenera, ndi ndondomeko yolembedwa ya mwanayo payekha. Funso linali loti mwana woyenera thandizoli adziwika bwanji. Malamulo a mu 1977 anayankha kuti payenera kukhala mpata waukulu pakati pa zotsatira za mayeso a nzeru ndi luso la kuwerenga. Chinali chithunzi cha Morgan chija, chitasandutsidwa masamu. Kuipa kwake kunaonekera msanga. Mwana wa zaka 6 sangatsalire zaka ziwiri pa kuwerenga chifukwa anzake nawonso angoyamba kumene, motero sukulu inkadikira mpaka afike zaka 8 kapena 9 kuti mpatawo ukule. Pofika nthawiyo mwana amakhala atadana nalo buku. Keith Stanovich anafotokoza mu 1986 mmene kutsalira kumadzichulukitsira: wowerenga bwino amawerenga zambiri naphunzira mawu atsopano, pamene wovutika amathawa buku natsalira ngakhale pa maphunziro omwe poyamba ankakhoza. Kudikira kumeneku kunawononga ana ambiri.

Chimene chinasintha zinthu ndi kafukufuku wosonyeza kuti muzu wa vutoli suli m'maso koma m'maliwu a chiyankhulo. Isabelle Liberman ndi Donald Shankweiler, a ku Haskins Laboratories ku New Haven, anapatsa ana kamtengo m'zaka za m'ma 1970 kuti azigogoda patebulo kamodzi pa phatikizo lililonse, kapena kamodzi pa liwu lililonse la m'mawu. Kugawa maphatikizo kunali kosavuta ngakhale kwa ana aang'ono, koma kugawa maliwu kunali kovuta kwambiri. M'Chichewa tingati mwana amamva msanga kuti m'mawu oti galu muli ga ndi lu, koma kumva kuti mu ga muli maliwu awiri ndi luso lina, chifukwa pakamwa maliwuwo amatuluka atalukana. Malembo a alifabeti amaimira maliwu amenewa, ndipo mwana amene sakuwamva paokhapaokha saona chifukwa chake mawu amalembedwa mmene amalembedwera. Buku la Frank Vellutino la mu 1979 linasonyeza kuti ana a dyslexia amakopera ndi kukumbukira maonekedwe a zinthu mofanana ndi anzawo. Mu 1983 Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku Oxford anasonyeza kuti luso la mwana wa zaka 4 kapena 5 lomva mawu ofanana maliwu limalosera mmene adzawerengere patapita zaka, ndiponso kuti kuphunzitsa lusoli pamodzi ndi malembo ogwirika m'manja kumathandiza. Apa panali chinthu chomwe madokotala a maso analibe, chizindikiro chimene mphunzitsi angachione mwana asanalephere.

Zikhulupiriro zina ziwiri zinagwa posakhalitsa. Linda Siegel ndi Stanovich anasonyeza kuti ana ovutika kuwerenga, kaya akhoza kwambiri mayeso a nzeru kaya ayi, amapunthwa pa chinthu chimodzimodzi ndipo amafuna chiphunzitso chofanana. Gulu la Sally Shaywitz, lomwe linkatsata ana a ku Connecticut kuyambira mu 1983, linalengeza mu 1990 kuti sukulu zinkatumiza anyamata ambiri kukapimidwa, koma ana onse atayesedwa kusiyana kwa anyamata ndi atsikana kunali kochepa. Mnyamata wolephera amasokosa m'kalasi naonekera, pamene mtsikana amangokhala phee kumbuyo.

Malamulo anatsata mochedwa. Mu 2004 America inalola sukulu kusiya njira ya mpata ija n'kumayang'ana mmene mwana akulandirira chiphunzitso. Ana onse amayesedwa mwachidule kumayambiriro pa maliwu, malembo ndi liwiro lotchulira zinthu. Otsalira amaphunzitsidwa m'kagulu kakang'ono kangapo pa sabata, ndipo amene sakusunthabe amalandira thandizo lozama ndi kupimidwa mokwanira. Ku England lipoti la Jim Rose la mu 2009 linati dyslexia ilibe malire odulika, imapezeka pa nzeru za mlingo uliwonse, ndipo kukula kwake kumadziwika poona mmene mwana wayankhira chiphunzitso chabwino. Boma linalonjeza kuphunzitsa aphunzitsi apadera 4,000. Kuyambira mu 2012 mwana aliyense wa zaka pafupifupi 6 amawerenga mawu 40 pamaso pa mphunzitsi wake, theka lake mawu ongopeka opanda tanthauzo, kuti pasakhale kudalira kuloweza. Pambali pa chiphunzitso, sukulu zimapereka nthawi yowonjezera pa mayeso, munthu kapena kompyuta yowerengera mwana mafunso, ndi mabuku omvera. Mkangano wa dzina sunathe. Mu 2014 Julian Elliott ndi Elena Grigorenko ananena kuti palibe njira yodalirika yosiyanitsira mwana wa dyslexia ndi mwana wina aliyense wovutika kuwerenga, ndipo kuti dzinali limakokera thandizo kwa okhoza kulipira. Makolo ndi mabungwe amayankha kuti dzinalo limachotsa mwana manyazi ndipo limakakamiza sukulu kuchitapo kanthu. Mbali zonse zimagwirizana kuti thandizo lisadikire chikalata chotsimikiza vutoli.

Mbiri yonseyi inalembedwa makamaka pa ana owerenga Chingerezi, chiyankhulo chomwe lembo limodzi limatha kuimira maliwu angapo. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003 anapeza kuti pakutha pa chaka choyamba ana a ku Finland, Italy, Spain ndi Greece ankawerenga molondola mawu oposa 90 pa 100 aliwonse, pamene owerenga Chingerezi sankafika ndi theka lomwe. Gulu la Eraldo Paulesu linapeza mu 2001 kuti ubongo wa anthu a dyslexia a ku Italy, France ndi England umagwira ntchito mofanana powerenga, ngakhale a ku Italy ankalakwitsa pang'ono. M'ziyankhulo zolembedwa monga mmene zimamvekera, ndipo Chichewa chili m'gulu limeneli, vutoli limaonekera kwambiri pa kuchedwa kuwerenga ndi pa lembetso, ndipo mphunzitsi wongowerenga zolakwa akhoza kulidumpha. Ku Malawi mwana wotere amatha kudzikoka ndi maphatikizo m'makalasi oyamba, n'kudzagwa pamene maphunziro ambiri asamukira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, yomwe inayamba ndi aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, inawonjezera maphunziro okhudza ana ovutika kuphunzira m'zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe sukulu yaulere ya mu 1994 inakweza chiwerengero cha ana a pulaimale kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pulogalamu ya boma ya kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 imaphunzitsa maliwu a malembo kuyambira Sitandade 1, chomwe ndi chiphunzitso chimene ana a dyslexia amachifuna koposa. Koma m'kalasi la ana oposa 100, momwe ambiri akutsalira chifukwa cha kusowa kwa mabuku, njala kapena kujomba, mwana wa dyslexia amabisika m'chigulu, ndipo chimene amalandira kawirikawiri ndi kubwereza kalasi ndi njira yomwe inamukanika chaka chatha.